Kalata Iyi Simunalembe Ndinu

Mtendere, Lusaka
12 Meyi 2024

Bambo a Tiza,

Moni wochokera kuno kwa eni ake. Mwadzuka bwanji ku Mkanda, ndipo bondo lija likuti chiyani ndi kuzizira kwayambaku? Ine ndili bwino, kungoti thupi lili kuno, mutu uli kumunda.

Mwana wathu Tiza wachira Lachiwiri lapitali. Ndi wamkazi, ndipo mkamwini wathu a Mukupa amutcha Mwiche, dzina la kwawo kwa Abemba. Mphuno ndi yanu, musakane. Kulira nakonso n'kwanu, kwa munthu wofuna kuti kalasi yonse imve.

Foni yanu ndikudziwa ili m'sutikesi pamodzi ndi masatifiketi, ndipo ngakhale muitulutse, netiweki ya kwathu mpaka mukwere pachulu. Ndiye tibwerere ku mapepala, monga tinkachitira muli ku koleji. Tapeza dalaivala wa lole, a Kasoma, amene amabwera ku Mchinji kudzatenga mtedza ndi soya. Makalata azitinyamulira ndi iwowo.

Za kuno ndinene chiyani? Anawa amakhala m'zipinda ziwiri, mumpanda wa mabanja asanu, mpopi umodzi. Dzuwa suliona likutuluka, umangolipeza lili kale pamwamba pa malata a eni ake. Wailesi zisanu zimalira nthawi imodzi, iliyonse ndi m'busa wake. Chinyanja chawo ndimachimva, koma chimathamanga ngati chaba kanthu. Dzulo ndinapereka moni pampopi, kufunsa bwinobwino za ana ndi za kunyumba, atsikana onse anangoti gwa kuseka. Wina akuti, "Imwe, ba mbuya aba bakamba monga Baibo!" Ndinanyamula ndowa yanga osadzaza n'komwe.

Miyezi itatu tinagwirizana ija ndikuiwerenga pazala. Mtedza musauunjike pansi, mukudziwa chiswe cha kuseri kwa nkhokwe. Mbuzi yamawanga ikaswa mundiuze. Ndipo muzidya, musamangomwa tiyi n'kumati mwadya.

Ndine wanu,
Nambewe


Mkanda, Mchinji
9 Juni 2024

A Nambewe,

Kalata yanu yafika, ndipo ndaipatsa mamalikisi asanu ndi awiri pa khumi. Ndisanafotokoze atatu otsalawo, landirani moni wanga, mumpsompsonenso mdzukulu wangayo pamphuno yomwe mukuinenayo. Bondo likuyesetsa. Mbuzi yaswa awiri. Mtedza uli pathandala, chiswe chagona ndi njala.

Atatuwo ndachotsa chifukwa mwadandaula tsamba lonse koma Lusaka simunandionetse. Zaka makumi atatu ndinaphunzitsa ana mapu a Zambia, kuloza mzindawo ndi ndodo ngati ndinabadwira komweko, chonsecho phazi langa silinapitirirepo Chipata. Tsopano m'nyumba mwanga mwatuluka munthu wafikako, ndiye akundilembera za mpopi! Tulukani mumpandamo, mayi. Kwerani minibasi, lowani m'masitolo, mundiuze zomwe akugulitsa, fungo lake, ndi momwe anthu akuyankhulira. Mukawalola atsikana a pampopi kukutsekerani m'nyumba ndiye kuti si inu Nambewe amene munathamangitsa wogula fodya ndi mpini.

Ndalemba kalatayi panja masana chifukwa magalasi anga ayamba ulesi. Ndikapita ku boma ndikasinthitsa.

Nyumba yakula. Ndimathyola ndiwo zokwana anthu awiri, ndikafika nazo pakhomo m'pamene ndimakumbuka. Ndakusowani, ndipo ndalemba ndi inki kuti ndisadzakane.

Mwamuna wanu,
Wilbroad Sakala


Mtendere, Lusaka
4 Ogasiti 2024

Bambo a Tiza,

Muli bwanji, aphunzitsi? Ife tili bwino, Mwiche wayamba kuseka. Ndiyambe ndi yowawa. Tiza akubwerera kuntchito kusaluni, ndipo amayi a a Mukupa sangachoke ku Kasama mpaka adzakolole. Anawa andigwadira kuti ndikhale mpaka Epulo, mapepala a ku imigireshoni akonza kale. Sindinavomere. Ndati ndimve kaye kwa inu, chifukwa dzinja lonse munthu mmodzi pamunda uja si zamasewera. Mtima wanga suli m'malo.

Tsopano mamalikisi anga atatu aja mubweze, chifukwa ndatuluka.

Malo anga oyamba ndi pamsika wa Mtendere pomwepa, pa benchi ya Bana Chiti ogulitsa chikanda. Chawo si chija cha kwathu chomwe chimaphwanyika m'manja. N'cholimba, chofiirira, cha tsabola wongokwanira, amachidula ndi mpeni ngati buledi. Tsiku loyamba anandiyang'ana n'kuti, "Imwe ndimwe ba Malawi, ka? Nkalani apa, mulawe." Anawonjezera kachidutswa, akuti, "Aka ni ka mbasela, kuti mukabwele futi." Ndabwererako kosawerengeka. Ndimakhala pa kreti, Mwiche kumbuyo, kumva nkhani za anthu omwe sindikuwadziwa.

Achiwiri ndi ku Kalingalinga. Kumeneko inu mukanaiwala kubwerera. M'mbali mwa msewu monse muli owotcherera zitsulo ndi akalipentala, moto uli thethethe, ndipo aimika mageti mzere wautali, akuda, obiriwira, ena a maluwa achitsulo, koma kumbuyo kwake kulibe nyumba. Munthu ungatsegule geti la bwana n'kutulukira mu ngalande. Pali mabedi, zitseko, mbaula, ngakhale tinyumba ta agalu tokongola kuposa khitchini yathu. Ndasankhako chitseko cha buluu cha nyumba yathu. Sindinagule, ndangosankha, ndipo ndikamadutsa ndimaona ngati chilipobe.

Ku Kamwala kuli masitolo a zitenje zounjikidwa mpaka kudenga. Mnyamata amakwera makwerero kukakutsitsira chimodzi, iwe n'kuti ayi, china chija, iye osakwiya. Ndinatulukamo maso akuzungulira. Koma nkhondo yeniyeni ili ku Soweto, pa kaunjika, kuno amati salaula. Belo likangodulidwa waya, amayi amagwerapo ngati nkhuku pa madeya. Ine ndinaima pambali mwaulemu, mpaka ndinaona jekete labulauni la matumba anayi. Ndinalowapo ndi chigongono. Mayi wina anagwira mkono umodzi, ine wina, akuti, "Ba mbuya, siyani, nayamba ndine!" Ndinamuyankha m'Chichewa cha m'Baibulo chija mpaka anasiya. A Kasoma akupatsani pamodzi ndi kalatayi.

Za minibasi ndidzakuuzani pamaso. Mpando wa anthu atatu kondakitala amati, "Fendelaniko ba mayo, apa ni four four," ndipo umapezeka wanyamula thumba la makala la munthu wosamudziwa. Koma ndimakhala kuwindo, ndipo ndikaona chinthu chachilendo ndimatembenuka kuti ndikukodoleni.

Yankhani msanga za Epulozo. Mukati bwerani, ndinyamuka mawa lake.

Wanu,
Nambewe


Mkanda, Mchinji
6 Okutobala 2024

Kwa Mayi Sakala,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno kulibe vuto. Pepani pochedwa kuyankha.

Khalani mpaka Epulo monga anawo apemphera. Za kumunda musade nkhawa, ndapeza aganyu ndipo akusosa. Jekete ndalandira, zikomo. Pitirizani kulemba za malo omwe mukuona.

Ine,
W. Sakala


Mtendere, Lusaka
20 Okutobala 2024

Bambo a Tiza,

Moni ndipereka chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga ukuwira.

Miyezi iwiri ndakhala ndikuthamangira kugeti lole iliyonse ikalira. Kenako kukubwera mizere isanu, youma ngati chikalata cha kuchipatala. Ndaiwerenga kanayi. Kalata iyi simunalembe ndinu.

Amene walembayo wayesetsa, ndimuyamikire. Zilembo wazipendeketsa ngati zanu. Koma inu mumakanikiza cholembera mpaka mawu amatuluka kuseri kwa pepala, ndimatha kuwamva ndi chala. Uyu dzanja lake n'lopepuka, likuyenda monyang'ama. Ndi dzanja la mkazi. Zaka 36 ndakhala ndikuwerenga zolemba zanu, kuyambira makalata a chibwenzi mpaka timapepala ta sopo ndi mchere, ndiye mukuganiza mungandipusitse? Ndipo Mayi Sakala ndi ndani? Chikwatirane simunanditchulepo choncho.

Ndinawafunsa a Kasoma kuti kalata imeneyi anawapatsa ndani. Anakanda m'mutu, akuti, "Ba mayo, ine sinifuna milandu. Bananipasa ni bamai benangu, benze kupyanga panja. Ba shikulu benze mukati." Ndiye kuti pali mayi akusesa pabwalo langa, kugwira makalata athu, inu muli phee m'nyumba.

Tiza sindinamuuze, ndipo sindiimbira foni munthu aliyense wa kumudziko kuti mawa nkhani yanga ikhale ya pachitsime. Ndikufunsa inu. Ndi ndani? Ndipo n'chifukwa chake mwavomera za Epulo mosavuta chonchi?

Nambewe


Mkanda, Mchinji
17 Novembala 2024

Kwa Mayi Sakala,

Moni kwa nonse. Kuno mvula yagwa ndipo tadzala.

Amene a Kasoma anamuona ndi Ida, mkazi wa malemu Chimtengo, wosoka zovala uja. Mukumudziwa, ndinamuphunzitsa sitandade faifi. Amandithandiza zina ndi zina pakhomo, ndipo zolembazi ndamupempha ndine. Palibe choti mude nacho nkhawa.

Musafulumire kubwera. Mwanayo akufunika inu kuposa ine. M'kalata yapitayi munalibe za malo. Chonde musaleke.

Ine,
W. Sakala


Mtendere, Lusaka
19 Januwale 2025

A Sakala,

Mayi Sakala akupereka moni kwa inu ndi kwa mlembi wanu. Khirisimasi sindinalembe chifukwa ndinatanganidwa ndi kusangalala. Mwati mukufuna za malo? Tcherani khutu nonse awiri.

Ndapita kumasitolo aakulu a kumayadi, kumene nyumba imodzi ili ndi misewu m'kati mwake. Pansi pamawala mpaka umadziona nsapato ziwiriziwiri. Kuli masitepe oyenda okha. Umangoima, iwo n'kukunyamula kukakutula pamwamba ngati mfumukazi, ndipo ine ndakwera kasanu. Kuli sitolo ya mabuku okhaokha, ina ya mafuta onunkhira okhaokha, ina ya makeke omwe amazungulira okha m'galasi. Ndadya ayisikilimu wa mitundu itatu pa kapu imodzi. Kumudzi ndinkadziwa zimenezi?

Ndatsegula kantemba kanga pageti, ndikukazinga mandasi, kuno amati vitumbuwa. Ikamakwana naini koloko amakhala atatha. Anthu amachokera ku Kalikiliki kufuna "vitumbuwa va ba Malawi." Atsikana a pampopi aja tsopano amandipempha kuti ndiwaphunzitse Chichewa chenicheni.

Ndalowa kwaya ya kutchalitchi. Wotitsogolera ndi a Mpundu, bambo waulemu amene anapuma ntchito ya njanji. Mvula ikagwa amandiperekeza ndi ambulera mpaka pageti. Loweruka lapitali anatitengera ku Munda Wanga kukaona nyama ndi maluwa, ndipo anandifotokozera mtengo uliwonse dzina lake. Akuti, "Ba Nambewe, imwe Lusaka yamiyanjani, mwaoneka monga mutsikana." Ena amadziwa kutchula munthu dzina lake.

Ndanenepa. Ndimagona tulo tabwino kwambiri, sindiganiza chilichonse. Khasu ndaliiwala kulemera kwake, ndipo zikhatho zanga zafewa. Tiza akuti bwanji ndingokhala konkuno, Epulo akafika tidzaonjezere mapepala. Ndikuganizira. Kumudzi ndikathamangire chiyani, poti kulibe vuto ndipo zina ndi zina zikuthandizidwa?

Iwe Ida, popeza ukuwerenga ndiwe, mphika wanga wadothi wakuda uja suphikira nyemba. Zinazo watenga, koma umenewo uusiye.

Mayi Sakala


Mkanda, Mchinji
16 Febuluwale 2025

Kwa Mayi Sakala,

Moni. Kalata yanu ndaimva yonse.

Ndakondwa kuti moyo wakukomerani. Mwagwira khasu nthawi yaitali, ndipo ine sindinakupatseni zambiri. Mukafuna kukhala, khalani. Ngati a Mpunduwo ndi munthu wabwino, ine ndilibe mawu. Ankhoswe ndidzawauza ndekha kuti cholakwa si chanu, ndipo katundu wanu adzasungika mpaka mudzatume munthu.

Ndikupempha chimodzi chokha. Mukapeza mpata, muzilembabe za malowo.

Ine,
W. Sakala


Mkanda, Mchinji
16 Febuluwale 2025

Amayi,

Ndine Ida. Pepala ili ndalilowetsa mu envulopu aphunzitsi osadziwa. Anandilumbiritsa kuti ndisanene, koma lero andilembetsa mawu othetsa banja, dzanja langa lomwe, ndipo ine tchimo limenelo sindilisenza.

Aphunzitsi sakuona. Ndi ng'ala, maso onse awiri. Zinayamba pang'onopang'ono, koma pofika Ogasiti mizere ya pepala inawasowa. Kalata yanu ya jekete ija anakhala nayo masabata atatu m'thumba, osapeza woti awawerengere, chifukwa cha manyazi. Kenako anabwera kumakina kwanga akupapasa mpanda. Anati asankha ine chifukwa mwa ana onse omwe anawaphunzitsa, ndine ndinatengera kalembedwe kawo. Anandiyeserera masiku awiri pa nyuzipepala yakale, akuti mukapendeketsa chonchi mayi sazindikira. Ine ndinawauza kuti mkazi sapusitsidwa choncho. Sanamve.

Makalata aja ndi ouma chifukwa cha ine. Amayamba bwino, "A Nambewe, nyumba ino," kenako amaima n'kuti, "Fufuta, zimenezo si za makutu a mwana wasukulu." Ine ndili ndi zaka 43, amayi, koma kwa iwo ndikadali sitandade faifi.

A zaumoyo anawaona, akuti ng'ala imeneyi imachotsedwa ku Nkhoma ndipo anthu amaonanso, koma pamafunika wowaperekeza ndi kuwadikirira. Ine sindingathe, anthu akundinena kale mokwanira. Ndinati tiitane amayi. Anamenya ndodo pansi. Akuti, "Mkazi wanga chaka chimodzi chokha chomwe waona dziko, ndimuitanire kudzatsogolera wakhungu?"

Makalata anu ndawawerenga mpaka apyapyala m'mopinda. Ya Ogasiti ija ailoweza pamtima. Amakhala pakhonde atavala jekete lija, ngakhale dzuwa la Okutobala, n'kumanena okha kuti tsopano tatsika pa Kalingalinga, mageti ali kumanja, chitseko cha buluu chilipobe. Ya Januwale itafika anandiuza ndibwereze kawiri za masitepe oyenda okha, koma za ambulera ndidumphe. Masiku awiri sanadye.

Sabata yatha anapsa dzanja pa mbaula pofuna kudziphikira tiyi. Chomwe amaonako n'chachikulu chokha, padzuwa, atachiyandikiza kumaso, monga zilembo za pa thumba la feteleza.

Ine ndimasesa, ndimatunga madzi, ndimawerenga, ndimapita kwathu. Mwamuna wanga ndinamuika m'manda ndipo sindikufuna wa munthu. Mphika wanu sindinaugwire. Mukandikwiyira ndikwiyireni, koma bwerani.

Ine mwana wanu,
Ida


Mtendere, Lusaka
9 Malichi 2025

Bambo a Tiza, mwamuna wanga,

Ida, werenga mokweza, ndipo usadumphe kanthu ngakhale akuuze.

Lole ya a Kasoma inafera ku Katete, ndiye envulopu yanu yandipeza dzulo, patatha masabata atatu. Ndinayamba ndi kalata yanu, ndinakhala pansi pampopi pomwepo. Kenako kunagwa pepala la Ida. Ndalira, ndaseka, ndatukwana, mpaka Bana Chiti anachoka pa benchi yawo kudzaona ngati kwagwa maliro. Nditawafotokozera anati, "Ba Malawi, imwe na ba shikulu banu, mitu yanu ni imozi. Yonse ni myala."

Inu a Sakala, munthu wophunzira, ndani anakuuzani kuti ndinakwatiwa ndi maso anu? Pamene ndinagona miyezi iwiri ndi mwendo wothyoka, munanditumiza kwathu? Simunandisambitse ndinu, anthu akuseka? Ndiye lero mwaona kuti ine ndine wa ayisikilimu, woti mavuto anu andiphonye? Mwandilakwira kuposa mukanakwatira mitala. Ida musamukalipire. Mwa ana onse omwe munawaphunzitsa, amene anamva ndi yekhayo.

Tsopano nanenso ndiulule, chifukwa ndamva kuti mabodza anga mukuwaloweza pamtima. Masitepe oyenda okha aliko, koma sindinakwere. Ndinaika phazi limodzi, ndinakuwa, mlonda anandigwira mkono, ndinakwera a simenti. Kantemba kanakhala masabata awiri, mvula inalowa mumpanda mpaka m'maondo, mbaula ndi ufa zonse zinapita. Magetsi amabwera mwa apo ndi apo. A Mpundu alipo, koma ali ndi mkazi wawo, wonenepa, woimba alito pambali panga, ndipo ambulera ija timalowamo anayi. Sindinanenepe. Chilandirireni kalata ya Okutobala ija ndakhala ngati munthu wodikira basi, chikwama ndinalongedza kalekale, chili pansi pa bedi. Ndinkalemba zija kuti zikupwetekeni, ndipo ndamva kuti zinakupwetekani. Mundikhululukire.

Koma za Ogasiti zonse n'zoona. Chikanda, zitenje, nkhondo ya jekete, zonse. Mzinda uno ndaukonda, sindikana, ndipo ndidzausowa. Kungoti chilichonse chomwe ndinaona ndinkachiona kuti ndidzakuuzeni.

Tiza ndamuuza zonse, walira, ndipo akuti mumve kuti wakwiya nanu. A Mukupa aimbira amayi awo ku Kasama, afika Lachitatu kudzatenga mwana m'manja mwanga. Kalata ino inyamuka mawa ndi a Kasoma. Ine ndikwera basi ya ku Chipata Lachinayi m'mawa, Lachisanu ndili pakhomo. Ankhoswe musawavutitse. Lolemba lake tikupita ku Nkhoma, ndipo sindikufunsani maganizo. Akakakumasulani mabandeji, munthu woyamba kumuona ndikhale ine, muone momwe mwandiondetsera. Tikakolola ndidzakukwezani minibasi ya four four, mudzaone nokha ngati ndinanama, ndipo masitepe aja tidzakwera awiri, wina akakuwa mnzake amugwire.

Ida, mwana wanga, ndinakunenera zoipa mumtima ndi papepala. Ndikubweretsera chitenje cha ku Kamwala, koma ndikudziwa kuti sichikwanira. Ndidzakupepesa pamaso pa anthu omwe akukunenawo.

Apa ndiye usiye kuwerenga. Kuseri kwa pepalali ndalembako mawu ena ndi khala la pa mbaula, zilembo zazikulu ngati za pa thumba la feteleza. Amenewo si ako. Uwatulutse aphunzitsi panja dzuwa likakwera, uwapatse pepalali m'manja, iwe ubwerere kumakina ako. Awerenge okha.

Ndine wanu,
Nambewe